Tsiku Limene Apongozi Anatsuka Miyala ya Malume

Kwa malume anga ku Chiromo kunali fani imodzi yokha, ndipo inkakupiza miyala ife anthu tikusungunuka ndi thukuta.

Ndinakakhala kumeneko nditasankhidwa kupita ku sekondale, poti kwathu ku Tengani sukulu inali kutali. Malume anayendetsapo mathiraki a ku Beira, ndipo atasiya ntchitoyo anabwerako ndi misala yachilendo: thanki yagalasi yaitali ngati benchi, yodzaza madzi amchere, muli miyala yamabowobowo ya m'nyanja yaikulu ndi tinsomba tiwiri toti ngakhale mphaka sangakhute. Koma mtima wawo sunali pa nsombazo. Unali pa ndere. Musaganize yobiriwira yoterera ija ya m'madambo, ayi. Iyi inali yapinki, pena yapepo, yolimba ngati penti wouma, ndipo kakulidwe kake kanali kaulesi kuposa chikhadabo. Panapita zaka zitatu kuti ikute miyala yonse.

Ankailera ngati khanda losakwana masiku. Madzi a pamjigo wathu ngamchere kale, koma iwo ati mchere wake ngolakwika, ndiye ankasunga madzi amvula m'migolo, mchere n'kuitanitsa kwa anzawo a mathiraki. M'mawa uliwonse ankasungunula laimu pang'ono m'botolo, kudikira adikhe, kenako n'kudontheza madzi oyera apamwambawo m'thanki, ati ndereyo imamanga thupi lake ndi laimu monga nkhono imangira chigoba. Batire la sola linali la pampu, nyale yabuluu ndi fani ija. Basi.

Tsiku lina ndili fomu 3 ndinazula pampu kuti nditchajeko foni. Kanthawi kochepa chabe. Malume anandipeza. Sanafunse kanthu, anangotenga chubu chakale cha njinga, anachipinda pawiri, n'kuyamba kundilemba nacho kumsana ndi m'ntchafu mpaka mkono wawo unatopa. Masiku atatu ndinkaphunzira chiimire, anzanga akumanditcha mlonda wa kalasi. Sindinalire. Ndinayamba kuganiza.

Patatha milungu iwiri kunabwera apongozi awo a malume, mayi a azakhali, kuchokera ku Nyachikadza. Kamayi kakafupi, mikono ngati ya msodzi, kodana ndi litsiro moti mapoto akwawo ankabooka chifukwa chotsukidwa. Tsono kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi m'maso. Akakumana nawo panjira amapatuka. Akafuna kulankhula amanjuta chapatali, mawu pansi, manja pamodzi. Nditaona malume, chimunthu chonse chija, atapindika ngati mwana wopempha ndiwo, mutu wanga unayaka.

Loweruka m'mawa malume anakwera njinga kupita kumsika, azakhali anasenza thumba ulendo wa kuchigayo. Ine ndinakhala pafupi ndi thanki n'kumausa moyo mokweza mpaka agogowo anasuzumira.

"Iwe, wadwala?"

"Ayi agogo, ndikumvera chisoni malume. Miyala iyi inabwera yoyera mbee, onani nyansi zamera. Amawauza azakhali tsiku ndi tsiku kuti atsuke, koma ati alibe nthawi."

"Mwana wanga?"

"Eya. Dzulo malume amadandaula okha kuti kaya kwawoko anawaphunzitsa kutsuka komwe."

Agogo anamanga chitenje kawiri. "Kwawo kuti? Kwa ine? Thamanga, beseni!"

Ndinathamangadi. Ndinabweretsa beseni, mchenga, phulusa, sopo waufa, sitiluwulu watsopano ndi mpeni wosendera mbatata. Ndinkavuula miyala ndikuwapatsira, iwo n'kumaikwecha mano ali gwa. Ndere ija inkalira kwee, kwee pansi pa mpeni, thovu kusanduka lapinki ngati wina wazinga nkhuku m'beseni. M'mabowo munkatuluka tinyongolotsi ndi tinkhanu tikuphiriphitha, nkhuku zili tcheru pambali.

"Koma litsiro ili ndi lamakani," anatero akupukuta thukuta. "Zaka zingati osatsuka?"

"Zitatu, agogo."

"Manyazi!"

Mwala umodzi wokha, waukulu wapansi, ndinalephera kuunyamula, ndiye unatsala m'madzi tinsomba titabisala kuseri kwake. Ina yonse, isanu ndi iwiri, anaitsukuluza ndi madzi a pamjigo n'kuiyanika pathandala, padzuwa la Okutobala lija loti dzira likhoza kupsa pamchenga.

Malume anafika dzuwa lili paliwombo. Ataona pathandala, njinga inawapulumuka, matemba ndi tomato mbwee pansi. Anayenda ngati munthu wopita kukaona nkhope pamaliro. Anagwira mwala umodzi, wouma, wotentha, woyera ngati fupa.

"Bambo," anaitana agogo ali phee pansi pa mtengo, "ndakutsukirani. Ndipo mudziwe kuti kwathu timaphunzitsa ana ntchito."

Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwa malume ikutupa ngati zingwe. Kenako miyendo yawo, poti inaleredwa bwino, inapindika yokha. Ananjuta, anaomba m'manja, maso pansi.

"Takhuta, mai," anathokoza m'Chisena, mawu ngati a mbuzi yomangidwa pakhosi. "Takhuta maningi."

Apa ndiye ndinalakwitsa. Ndinali nditalumira malaya kuti ndisaseke, koma chiseko chinatulukira m'mphuno.

Anatembenuka. Tambala amene anali pakati pathu analandira theche n'kuuluka mpaka padenga la bafa. Ndinathawira m'nyumba, iwo pambuyo. Chibakera choyamba chinandipeza pakamwa, ndinamva dzino likuthetheka, magazi n'kudzaza m'kamwa. Chachiwiri chinafikira pakhutu, dziko lonse linalira ngati wailesi yosowa siteshoni. Anandigwira kolala n'kundiwombetsa kukhoma, kalendala ndi galasi loyang'anira zonse pansi. Ndinawaluma padzanja, malaya ndinawasiyira, n'kukwawira kuseri kwa tebulo la thanki. Ndinkadziwa kuti pamenepo sangayerekeze.

Anayerekeza. Kuseri kwa chitseko kunali mpini wa khasu. Ndinaona ukubwera cham'mbali, kulunjika mutu wanga, ndinadzigwetsa pansi.

Phwaa!

Nyanja yonse ya ku Beira inandikhuthukira pamsana. Magalasi anamwazika chipinda chonse, lina linang'amba malume pamsongolo, lina linandilowa kuphazi. Tinsomba tinkadumphadumpha pasimenti m'madzi ofiira. Mpini unagwa. Malume anagwada pamagalasi pomwepo, osamva kuwawa, n'kukumbatira mwala wotsala uja, ukadali wapinki.

"Ndowa! Ndowa, iwe galu!"

Ndinawapatsa ndowa, si ine woipa mtima. Anaikamo mwalawo, anavula malaya n'kumaviika pansi, kufinyira m'ndowa, kuviika, kufinyira, madzi amchere osakanikirana ndi fumbi ndi magazi athu tonse awiri.

Ali mkati mofinya, agogo analowa ndi tsache. Ataona pakamwa panga sanafunse mlandu.

"Kupha mwana ine ndili pakhomo? Ulemu wake umenewu?"

Tsache linatera pamsana wopanda malaya uja, kamodzi, kawiri, kakhumi, mpaka linamasuka, iwo n'kutola nsapato. Malume, munthu woti anamenyanapo ndi akuba atatu pamsewu wa ku Beira, ankangobisa ndowa ndi thupi lawo.

"Pepani mai. Ndalakwa mai. Pepani."

Ine ndinali pakona ndikulavula magazi, ndikuseka mpaka nthiti kuwawa.

Azakhali atabwera kuchigayo n'kumva zimene ndinawanamizira, anatula ufa bwinobwino, anasamba m'manja, kenako anandipotokola khutu lomwe linali lisanamenyedwe mpaka ndinaona nyenyezi masana.

Tinsomba tinadyedwa ndi mphaka wa aneba. Mwala uja malume anaulondera m'ndowa masiku asanu, pampu ikulira, akudontheza laimu ndi dzanja lomanga bandeji. Tsiku lachiwiri unayamba kutuwa m'mbali. Tsiku lachinayi ndowa inkanunkha ngati dambo louma. Tsiku lachisanu anautulutsa woyera ngati anzake, anauika pathandala, n'kukhala pakhonde tsiku lonse.

Ine anandibweza ku Tengani ndi chikwama changa. Panopa ndimapalasa njinga mtunda wautali kupita kusukulu, ndipo dzino lobenthukali limandithandiza kuimba likhweru lomveka kutsidya kwa munda wa mapira. Mayi akandifunsa ngati ndimamva chisoni ndimayankha kuti kwambiri, ndikaganiza kuti foni yanga inali yopanda moto tsiku limenelo ndipo palibe anajambula.

Agogo pobwerera ku Nyachikadza anapempha miyala iwiri, ati njokhakhala bwino, ingawathandize kukwecha ming'alu ya kuzidendene. Malume anasankha okha yaikulu bwino, anaikulunga m'nyuzipepala, n'kuipereka ndi manja awiri atanjuta.