Mkamwini wa M'phiri

Ndinakwatira ku Nkhulambe ndili telala wa pakhonde la sitolo ku Chiringa. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsatira mkazi, ndiye ndinamanga makina anga osokera pakaliyala wa njinga n'kukakhala pamudzi pa apongozi, mayi a akazi anga. Zaka zitatu zinatha ndisanalozeredwe munda wangawanga. Akamwini a m'makomo oyandikana nafe, ena obwera m'mbuyo mwanga, anali atapatsidwa kale polima, ine ndikudyabe za m'nkhokwe ya apongozi. Sindinganame, zinkandiwawa. Komanso sindingawanene kwambiri mayiwo, chifukwa munthu amene ndinkasoka msoko wowongoka bwinobwino, ndikagwira khasu mizere inkapita kumene yafuna.

Ine ndi apongozi tinkalemekezana mwa chikale. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'nandolo, ine m'chinangwa, moni n'kumaperekerana chapatali titayang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo mokweza, ine ndili pomwepo. Choncho zimene ankaganiza za ine sindinkazidziwa, ndinkangoziyeza ndi kukula kwa ndiwo m'mbale.

Munda wawo waukulu unali kumtunda, pamene minda imathera n'kuyamba nkhalango ya m'phiri. Chimanga chikangoyamba kukhwima, anyani ankatsika gulu lonse. Chimwalirireni apongozi aamuna, mayiwo ankalondera okha, koma anyani a kwathu munthu wa chitenje samuwerengera. Ankawaponya miyala, iwo n'kumangosuntha pang'ono, chimanga chili kukamwa. Chaka chimenecho zinafika poipa, moti amuna ena a m'mudzi anayamba kukamba zothira mankhwala akupha m'madeya n'kukatchera m'mphepete mwa nkhalango. Nkhaniyo inamveka patali, ndipo kunabwera mlangizi woona za nyama zakutchire kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Ine sindinapiteko, ndinali ndi mayunifolomu oti ndimalize.

M'mawa mwake njinga yamoto inaima pakhomo panga. Anali mlangizi uja, bambo waulemu wake, wochokera kumpoto kumene mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. Chichewa ankachidziwa bwino, koma chinali cha m'kalasi. Anakhala pampando, n'kuvula chipewa, n'kuyamba ndi kuyamikira makina anga.

Kenako anati, "Bambo, nkhani imene yandibweretsa si ya ntchito yanga kwenikweni. Ine ndimayanjanitsa anthu ndi nyama. Koma dzulo apongozi anu anadandaula pagulu, ndipo ndaona kuti ndibwere mwakachetechete, ngati mwamuna mnzanu."

Ndinasiya kupalasa makina.

"Anati mkamwini wawo wawamaliza. Salima, sapalira, koma mondokwa ukangopsa ndiye woyamba kufika. Akuti amathyola, kuluma kamodzi, kutaya, n'kuthyolanso china. Akam'kalipira amangokhala pamwala n'kumadzikanda pamimba. Anthu anaseka, koma ine sindinaone choseketsa."

Apongozi anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, ndiye mkamwini pakhomopo ndinali ine ndekha. Choipa china n'chakuti sabata yapitayo ndinali nditathyoladi mondokwa uwiri m'dimba lawo osapempha, n'kukawotchera kuseri kwa khola. Ndinavomera pomwepo.

"Uwiri wokha, bwana. Koma zoti ndinaluma n'kutaya, ayi. Ndinadya wonse."

"Nanga za pamwalazo?"

"Pamwala sindikukumbuka."

Mlangiziyo anandilangiza mwachikondi ndithu, za ulemu kwa makolo, za kugwira ntchito ndi manja, ine n'kumangoti inde, inde. Apo n'kuti akazi anga akumva zonse m'khitchini. Anatuluka atagwira chipande, misozi ili mbwembwembwe, kuseka mpaka kukhala pansi.

Atapezako mpweya anati, "Bwana, mkamwini amene amanena amayiyo ali ndi mchira. Ndi chinyani chachimuna chija chong'ambika khutu, chimene chimatsogolera gulu. Anachitcha dzinalo kalekale, awa asanabwere n'komwe." Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma inu bambo ake, za mondokwa uwirizo tikambirana."

Mlangizi anapepesa kangapo, chipewa chikumuvuta kuvala. Ine ndinaseka nawo, koma kuseka kwa pamano. Atachoka ndinatsala ndekha pamakina. Chabwino, sankanena ine. Koma mayiwo atafuna dzina la chinthu chimene chimadya osalima, pa mayina onse a padziko anasankha limeneli, ndipo zaka zitatu zimene ndinakhala pakhomopo sizinawapatse chifukwa cholisinthira. Ndinachita manyazi, ndipo ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera mtima ndani.

Ndinafunsa akazi anga zimene anagwirizana kumsonkhano. Anati mlangizi anakana za mankhwalazo, poti zikanapha agalu ndi mbuzi zathu zomwe, ndipo anyani otsala akanabwerabe. Anati tilambule tchire la m'malire kuti asamabisalemo, chaka chamawa mizere ya kumtunda tidzadzalemo tsabola chimanga chitsike m'munsi, ndipo chachikulu, amuna asiye kutumiza amayi okha kukalondera. Anyani amabwera masana, ndiye pafunika mwamuna woti azikhala kumundako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amuna onse anavomera ndi m'manja, koma aliyense anapezeka kuti ali ndi kopita.

Ine ntchito yanga ndi yokhala pansi tsiku lonse. Ndinaganiza kuti kukhala pansi kumatheka paliponse. M'mawa mwake ndinamasula makina pathebulo lake, n'kukweza mutu wake panjinga, thebulo pamutu panga ulendo wachiwiri, mpaka kukafika pakamsasa ka udzu kamene apongozi ankabisalamo dzuwa. Nditafika mayiwo anali kale komweko. Anandiona, anaona makinawo, n'kutsika ndi njira ina.

Mkamwini mnzanga wa mchirayo ndinamuona tsiku lomwelo. Anatulukira cha m'ma naini, wamkulu ngati mwana wa sitandade faifi, imvi m'mapewa, khutu lakumanzere long'ambika. Anakwera pamwala waukulu wa m'malire n'kukhala. Ndinaimirira kuti aone buluku, n'kukuwa ndi mawu onse amene ndinali nawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kudzikanda pamimba. Pamenepo ndinamvetsa zonse zimene apongozi ananena kumsonkhano, ndipo ndinaona kuti sanawonjezere kanthu.

Koma sanalowe m'munda. Makina akamalira ankadziwa kuti mwamuna uja alipo, gulu lake n'kumangozungulira m'mitengo. Makina akangoti zii, mitu inkayamba kusuzumira. Ndinaphunzira kupalasa ngakhale popanda chosoka. Ofuna zigamba anayamba kukwera okha kumtunda, akudandaula njira yonse, ndipo amuna ena pochita manyazi anabwera ndi zikwanje tinalambula tchire lija. Anthu ankati telala wasamukira kwa abale ake.

Sikuti ndinapambana masiku onse. Tsiku lina singano inathyoka, ndinathamangira kunyumba kukatenga ina, pobwera ndinapeza mizere itatu yagona, chimanga cholumidwa kamodzi chili mbwee. Tsiku linanso ndinapita kuseri kwa chitsamba pang'ono chabe, mnzangayo anatenga chinangwa chophika chimene akazi anga anandimangira, n'kukadyera pamwala pake ndikuona. Ndinamutukwana m'Chichewa, ndinamutukwana m'Chilomwe cha agogo anga, iye osasiya kutafuna. Komabe pamene ankafukula tizilombo pansi pa miyala ndi kudya zipatso za m'nkhalango mwake, sindinkamuputa. Malire anali mwala uja, ndipo tonse awiri tinkawadziwa.

Masabata asanu ndi awiri ndinakhala kumtundako, mpaka tinakolola. Nkhokwe ya apongozi inadzaza kufika pakhosi, zimene akazi anga anati sanazione chimwalirireni bambo awo. Mayiwo sananene chilichonse kwa ine, ngakhale kudzera mwa mwana wawo. Ndiwo m'mbale zinali zomwe zija. Ndinatsitsa makina anga n'kubwerera pakhonde, mumtima ndikuti basi, telala ndi telala.

Patapita masiku njinga yamoto ija inabweranso. Mlangizi ankayendera minda ya m'malire kuti amve mmene zinathera. Anapeza apongozi akusankha nandolo pamkeka pafupi ndi nkhokwe, ine ndili pakhonde panga chapatali pang'ono, ndikusoka. Ulendo uno anayenda mosamala ngati wopondera minga.

"Mayi, nanga mkamwini uja anakuvutaninso? Ndikunena wa mchira uja."

Ndinachepetsa kupalasa kuti ndimve. Apongozi sanadzutse mutu. Anapitiriza kusankha nandolo wawo, koma anakweza mawu monga ankachitira akamauza mwana wawo zoti ndimve ine.

"Simufunika kunena za mchira, bambo. Mkamwini ndili naye mmodzi yekha, ali m'phirimo, ndipo chaka chino waonda. Uyo wa makinayo ndi mwana wanga. Mumuuze kuti munda wa kumtunda uja ndi wake, mizere aziikhotetsa mmene angafunire. Mumuuzenso kuti mondokwa akaufuna azingothyola, asamakawotchere kuseri kwa khola, adzanditenthera mbuzi."

Mlangiziyo, munthu womvera, anayendadi masitepe khumi otilekanitsa kudzandiuza zonse mwandondomeko. Ndinayankha kuti akawauze kuti ndamva, ndipo ndathokoza. Ulusi unali utatuluka pasingano. Ndinayesa katatu kuulowetsa, koma maso sankaona bowo.