Ana amene a Veronika sanawatchule

Azakhali anga a Veronika ndiwo anali mzamba kuno ku Nchema. Anali aafupi, manja akuluakulu, fodya wamphuno sachoka pansonga ya mpango. Pakamwa pokha, mayo ine! Mkamwini akachedwa kudzawaitana ankamutukwana mpaka agogo ake.

Koma ntchito ina sankainena. Mwana akafa asanatuluke m'chikuta, uja timati mtayo, kwathu kuno si maliro. Amayi okhaokha amakamuika m'kadzenje kosaya m'mphepete mwa manda, osalira, osakambanso, kuopa kuti make sadzaberekanso. Onyamula anali azakhaliwo, ndipo ananyamula ambiri. Awiri anali a mwana wawo yemwe, Eluby.

Nkhondo yachiwiri isanayambe kunabwera dokotala wa boma ndi womasulira wake, a Francisko. Anati boma limanga kachipatala kamodzi kokha, kuno kapena cha ku Mpama, ndipo kapita kumene anthu akufa kwambiri. Za m'maluwa sanazifune. Anatenga amuna, ulendo kumanda kukawerenga mitumbira yatsopano. Munthuyo sindimunena, anayesetsa. Koma mtayo uli ndi mtumbira ngati? Mvula ikangogwa kamodzi, basi pamera udzu.

Pobwera kumandako a Francisko anatembenukira kumene tinakhala amayife. "Amayi, palibe ena otsala?"

Eluby anali pambali pa make, ali ndi pakati pachitatu. Azakhali anayang'ana mimbayo, nayang'ana amuna aja. Kutchula mtayo pamaso pa amuna, wapakati ali pomwepo akumva? Munthu wolongolola uja anangoti, "Ndi omwewo, bambo." Tonse tinati ayankha mwaulemu.

Ku Mpama chaka chimenecho kamwazi anali atatha akuluakulu, mitumbira mbwee. Kachipatala kanapita komweko.

Tsiku la Eluby litakwana, mwana anapingasa. Azakhali anayesa zonse zimene manja awo ankadziwa, zinakanika. Amuna ananyamula Eluby pamachila kupita naye ku Mpama dzuwa lili paliwombo, make akuthamanga pambali ndi chikho cha madzi. Anatsirizikira panjira, denga la kachipatala lisanaoneke n'komwe. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Awa tsono anali maliro enieni, adzukulu anakumba mozama. Atayamba kukwirira, azakhali anaimirira pakati pa amuna, chinthu chosachitika. Analoza kuthengo kuja m'mphepete mwa manda.

"Apo pali wa Yunis. Apo wa Margret. Pansi pa mpoza paja awiri a Viola. Awa apa ndi a Eluby wanga."

Anawatchula onse, mmodzimmodzi, mawu mpaka kusasa. Amayi tinalira ana aja koyamba tsiku limenelo. Amuna anangoti zyoli, ena sankadziwa n'komwe kuti pamenepo pagona magazi awo.

Atamaliza anafunsa, "Nanga wowerenga uja ali kuti?"

Kachipatala kanali katafoleredwa kale ku Mpama.