Ampulifaya yoopa apongozi

Ampulifaya ija anandibweretsera alamu anga pochokera ku Joni, pamodzi ndi masipika awiri ndi kabokosi kakuda kotenga nyimbo pa intaneti. Kabokosiko kankapeza intaneti kudzera pa foni yanga, ndipo kawaya kowonda kankakalumikiza ku ampulifaya. Kabokosi kakadzuka, ampulifaya inkadzukanso, kakagona nayo inkazima. Alamuwo anandifotokozera zonsezi mothamanga galimoto ikuwadikira, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndamva.

Ine ndine mkamwini. Ndinamanga kwawo kwa akazi anga, kumtunda kwa Chimbiya, ndipo nyumba ya apongozi anga aakazi ili kuseri kwa dimba la kabichi. Kwathu ndinaleredwa kuti mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi. Anzanga ambiri anasiya kale zimenezi, koma ine manyazi ake anandilowa m'mafupa. Ndikangomva "odi" wawo kukhomo lakumaso, ndinkatulukira lakuseri, n'kukaima kumunda kwa mbatatesi ngati ndili ndi chochita.

Apongoziwo amakonda nyimbo za kwaya koopsa. Atamva kuti m'nyumba mwathu mukuimba kwaya popanda kaseti, anabwera Lamlungu masana atavala nsalu yawo ya kutchalitchi. Ine ndinaika nyimbo, n'kuthawa mwa masiku onse. Akuti atangokhala pansi n'kumaliza malonje, nyimbo inaduka, kenaka ampulifaya inati tha, kuzima.

Lamlungu lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Lachitatu lake anangobwera kudzabwereka sefa, koma nayonso ulendo umenewo inazima nyimbo isanafike pa kolasi.

"Amayi adandaula," anatero akazi anga tikukonola chimanga. "Akuti mumachita kuwazimitsira dala. Akuti ngati sakufunika pakhomo pano mungonena, asiye kubwera."

Mawu amenewo anandipweteka kwambiri. Mayi amenewa anandipatsa malo olima, anandilerera ana, ndipo pa zaka zonsezi sitinayambanepo, mwina chifukwa sitinkaonana. Tsopano chitsulo cha ku Joni chinali pafupi kundidanitsa nawo.

Ndinayamba kufufuza. Choyamba ndinachotsa kansalu koluka komwe akazi anga anafunditsa ampulifaya, poganiza kuti ikutentha. Tinakangana tsiku lonse, iwo akuti chinthu chodula sichikhala maliseche pa balaza. Ndinapukuta fumbi pa sola, ndinayeza batire, ndinasintha kawaya kowonda kaja ndi kena komwe ndinagula ku msika. Ndikakhala ndekha inkaimba mpaka ine kutopa.

Kenaka ndinainyamula pamodzi ndi kabokosi kake pa minibasi mpaka ku boma, kwa mkulu wina wokonza mawailesi. Ndinaifungatira pamiyendo njira yonse, kondakitala akuiyang'ana ngati nayo ilipire mpando. Kumeneko inaimba maola atatu osatsokomola n'komwe, ine nditaima pambali pake.

"Achimwene, ichi chilibe vuto," anatero mkuluyo. "Kunyumbako chimazima mukatani?"

"Apongozi akalowa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti matenda amenewo sanawaphunzire.

Kunyumba ndinapeza akazi anga atatenga kabotolo ka madzi odalitsa. Ndinawagwira dzanja kuti madzi ndi magetsi sizigwirizana, tinangomvana zokaika pamwamba pa sipika. Lamlungu apongozi anabwera mokakamizidwa, ndipo inazimanso kabotolo kali pomwepo.

Amene anatulukira chinsinsi chake ndi akazi anga omwewo. Tsiku lina m'mawa nyimbo zikuimba ndinapita kukamangirira mbuzi kutsidya, ndipo pobwera ndinapeza m'nyumba muli zii, iwo atandiimirira pakhomo manja ali m'chiuno.

"Abambo, amayi sanabwere lero, koma chazima. Tandiuzani, amayi akamalowa, chimatuluka m'nyumba muno n'chiyani?"

"Palibe."

"Ganizani bwino."

Ndinaganiza, dzanja langa n'kupita lokha m'thumba la jekete momwe munali foni. Chotuluka ndinali ine. Ndikathawira ku mbatatesi ndinkathawitsa intaneti, kabokosi kankasowa chochita n'kugona, ampulifaya n'kutsatira. Ndinakhala pansi pakhonde, akazi anga akuseka mpaka misozi.

Mwina mukuti ndikanangosiya foniyo patebulo. Ogula mbatatesi amaimba nthawi iliyonse, ndipo kalilidwe ka foni yanga ndi kanyimbo kena ka kumalo omwera komwe apongozi sayenera kukamva. Choncho ndinayeza mapazi. Ndinapeza kuti ndikaima kunja, msana utatsamira khoma pansi pa zenera, nyimbo sizinkaduka.

Lamlungu lotsatira linali la mu Juni, chifunga chitatsika m'phiri dzuwa osaoneka. Apongozi anati odi, ine ndinazungulira n'kukamata khoma. Kwaya inaimba nyimbo yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Ndinawamva akutsatira ndi mawu awo aang'ono onjenjemera, mtima wanga n'kukhala m'malo, ngakhale zala zinali zitauma ndi kuzizira. Pa nyimbo yachisanu ndinayetsemula.

Mkatimo akazi anga anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za mbuzi.

"Ndiye akhala akuima pamenepo chiyambire?" anafunsa apongozi.

"Eya, amayi."

"Auzeni alowe. Zaka zonsezi andilemekeza mokwana, ndisawaphe ndi chibayo chifukwa cha kwaya."

Ndinalowa chogwada, n'kukhala pakampando ka pakona nditayang'ana kukhoma. Aka kanali koyamba kukhala nawo chipinda chimodzi chikwatirire mwana wawo, ndipo sindibisa, misozi inalengeza. Anandikankhira kapu yawo ya tiyi osandiyang'ana, n'kuuza mwana wawo kuti andiuze ndibwereze nyimbo yachitatu ija.

Ndikutulutsa foni kuti ndibwereze, wogula mbatatesi anaimba.