Jekete ya Amuna Anga Ndinaidulitsa

Amuna anga anali aafupi, aafupi ndithu, otakata pachifuwa, khosi losaoneka, phewa lakumanja lotsika chifukwa cha mitengo ya zigafa za fodya imene anasenza moyo wawo wonse. Thupi limenelo ndinkalidziwa ndine. Wina akanalidziwira kuti?

Zipani zitachuluka, kaunjika nayenso anachuluka pa Kamwendo. Chaka chimenecho tinagwirizana zokadalitsa ukwati wathu kutchalitchi ku Ludzi, ana atakula kale, zidzukulu zikukwawa. Fodya atagulidwa, abambowo anati akufuna jekete, yoyamba chibadwire chawo. Ndinavina ine, ndinavina pabwalo fumbi koboo.

Tsiku la msika, alamu anga, mlongo wawo wa abambowo, anatitsatira osaitanidwa. Anabwera ndi mwana wawo woyamba, chimunthu chandevu, chachitali ngati bulugama.

Ine ndinali nditaipeza kale yabwino: yotuwa, mabatani awiri mzere umodzi, yotseguka pachifuwa, yolekeza pamatako. Wogulitsa naye anavomera, anati yotere imamutalikitsa munthu wamfupi, pomwe ya mabatani mizere iwiri imafuna wamtali wowonda, wojintcha imamusandutsa bokosi. Koma alamu anasolola yakuda, yamizere iwiri yomweyo, masiponji m'mapewa ngati mitsamiro. Anayamba kuveka mwana wawo, inamukhala bwino. Kenako anaveka amuna anga. Zala zinamira m'mikono, m'munsi ikugunda mawondo. Anyamata a kabaza anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Achimwene, tengani yomweyi," anatero alamu. "Jekete ya malume ndi ya mbumba yonse. Aphwanuwa adzakwatira ndi chiyani?"

Abambowo anangoyang'ana pansi, n'kuitenga. Fodya ndasoka ine, usiwa ndapirira ine, lero mwamuna wanga akaime paguwa ngati choopsezera mbalame m'munda, kuti mwana wa eni adzatchene? Pobwerera panjinga sindinawagwire m'chiuno. Ndinagwira kaliyala njira yonse.

Msika wotsatira jekete ija ndinaikulunga m'chitenje pamodzi ndi shati yawo yakale, ulendo kwa telala wa pakhonde la golosale. Ndinamuonetsa ndi zikhatho: mkono ulekeze apa, m'munsi apa, siponji yakumanzere muchotse, yakumanja musiye kuti mapewa alingane. Mabatani akhale mzere umodzi. Telala anandichenjeza kuti akadula sadzabwezeretsanso, ndipo anafunsa ngati eni ake akudziwa.

"Eni ake ndine ndimawachapira. Dulani."

Sizasi inalira, ine ndikuimba chamumtima.

Tsiku la ukwati abambowo anaivala. Anatambasula manja, zala zonse khumi poyera. Anatembenuka uku, anatembenuka uku. Mapewa ali chilili, mimba yabisala, munthu ngati mphunzitsi wamkulu. M'tchalitchi alamu anangoona kamodzi, milomo n'kutalika. Pamadyerero sanakhudze mbale yanga, ndipo zaka ziwiri sanaponde pakhomo pathu. Amayendayenda m'mudzi kunena kuti ndaba cha mbumba. Anene. Mpaka lero ndikakumbukira magazi amawira, kuti munthu wolima yekha asakhale ndi chovala chomuyenera iye yekha.

Tikutuluka m'tchalitchi muja abambowo anandinong'oneza:

"Mayi, mwandidanitsa ndi mlongo wanga."

"Ndakudanitsani. Muivula?"

Anamanga batani lachiwiri, n'kundigwira dzanja anthu onse akuona.