Akuchoka Kapena Akukhala?

Amuna anga adapita ku Joni mwana wathu akadali kumsana. Kwathu kwa Kawinga imeneyo si nkhani, pakhomo paliponse pali wake amene adakwera basi atalonjeza nyumba ya malata. Poyamba ankaimba. Kenako foni yawo inkangolira osayankhidwa, mpaka idadzathimiratu.

Amjomba, achimwene awo a mayi anga, ndiwo ankhoswe a banja langa, ndipo sachedwa kutopa. Anandipeza tsiku lina ndikusenda chinangwa.

"Iwe, munthu ameneyu akubwera kapena iyayi? Ngati sakubwera tikauze abale ake apereke talaka yothetsa ukwatiwu, usakalambe ukudikira mphepo."

Anatinso bambo wina wa golosale pa Ntaja, amene mkazi wake adamwalira, ankafunsa za ine. Ndinawakalipira kuti ine si mbuzi yogulitsa mwini wake ali moyo. Komatu mumtima funso lawolo linali langanso, ndipo linkandidya.

Mnzawo wina wa amuna anga anandipezera nambala ya kunyumba imene ankakhala ku Joniko. Ndinakwera pachulu, poti netiweki kwathu imagwira pamenepo, n'kuimba. Anayankha mzimayi, Chingerezi chokhachokha, chothamanga ngati wina akumuthamangitsa. Ine ndinangoti ndi mwini nyumba. Sukulu ndidalekera Fomu 2, koma ndinalimba mtima, ndinatchula dzina la amuna anga n'kufunsa za iwo. Zimene makutu anga anatola ndi izi: hi izi livingi hiya. Foni n'kuduka.

Ndinatsika pachulu ndikuvina. Livingi! Ndinakumbuka aphunzitsi athu akutiuza kuti leave ndi kuchoka. Ndiye kuti akuchokako, akubwera kwathu! Ndinauza amjomba kuti wa golosaleyo akayang'ane kwina. Ndinazira nyumba, ndinachapa mabulangete, tambala wamkulu ndinamuletsa kugulitsidwa.

Mvula inagwa, chimanga chinacha, nandolo anauma tinamenya. Munthu osaoneka.

Ndiye ndinapita ku Balaka kwa achemwali anga, poti amuna awo ndi mphunzitsi wa Chingerezi. Ndinawafotokozera zonse ali pakhonde akuchonga makope. Anaika cholembera pansi.

"Alamu, mawu amenewa alipo awiri. Pali leaving, kuchoka. Palinso living, kukhala. Oyambawo amakoka, achiwiriwo amadula msanga. Nanga mayiyo adakoka kapena adadula?"

"Adati livingi."

"Eya, koma iti?"

"Livingi, alamu! Mukufuna ndinene kangati?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga kuseka kunathera pakhosi. Anawatchula mawuwo mobwerezabwereza, ine ndikuyang'anitsitsa milomo yawo ngati munthu wogontha. Kunena zoona, kwa ine anali mawu amodzi omwewo. Iwo eni anavomera kuti m'kalasi amachita kuwalemba pa bolodi, chifukwa pakamwa pa ife Amalawi onse awiri amatuluka mofanana.

Ndinapsa mtima zedi. Chinenero chanji chimenechi, kuchoka ndi kukhala n'kumamveka chimodzimodzi? Ife timati wachoka, timati alipo, ngakhale mwana woyamba kumene kulankhula sangasokoneze. Eni Chingereziwo adasowa mawu mpaka kupanikiza banja la munthu pa kakukoka ka lilime? Achemwali anandigwira mkono kuti ndichepetse mawu, anthu akumva. Alamu anaimba nambala ija pa foni yawo kuti adzimvere okha. Sinkapezekanso.

Mu minibasi pobwerera ndinkangowatchula chamumtima. Powoloka Shire pa Liwonde ndinali wotsimikiza kuti mayi uja adakoka. Pofika pa Ntaja ndinkamumva akudula. Mawu ukawatafuna kwambiri kukoma kwake kumatha ngati nzimbe, umatsala ndi zinyalala m'kamwa.

Amjomba atandifunsa zimene aphunzitsi anena, ndinati, "Akuti akubwera." Sikuti ndinkawanamiza. Pa ziwirizo ndinatola chimene ndikanatha kugona nacho. Anangokwera njinga yawo n'kumapita. Pasanapite nthawi wa golosale uja anakwatira mtsikana wa kwa Mposa, ndipo sopo ndimakagula kwa mtsikanayo.

Zoona zake zinabwera pa Idi, zaka zitapitapo. Mnyamata wa pamudzi pathu anabwera kuchokera ku Joni kudzaona makolo, ndipo ndinamutsekereza panjira akuchokera kumzikiti. Anayesa kuzemba, ine ndinamugwira malaya. Ndinamufunsa za mwini nyumba amene ndidalankhula naye uja.

"Mwini nyumba? Iyayi achemwali, mwini nyumba ija ndi bambo. Amene mudalankhula nayeyo ndi mkazi wawo wa achimwene, amuna anuwo. Ali ndi ana kale."

Sindinalire pamenepo. Ndinamusiya malaya, n'kumupepesa kuti ndamukwinyira. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mayi uja sadandibisire kanthu. Adandiuza poyera kuti mwamuna akukhala pano, ine n'kutsika pachulu ndikuvina.

Madzulo ake ndinapita ndekha kwa amjomba, ndinagwada, ndinati tsopano ndavomera, tipite kwa ashehe akathetse ukwatiwu. Anali akukonza tcheni cha njinga ndipo sanadzutse mutu.

"Kuthetsa athetsa, mwana wanga, sizivuta. Koma akathetsa, ukwatiwa ndi ndani?"