Nambala ya Mayi Gofu

Asanayambe kutchedwa Mayi Gofu, anali mayi wa saluni basi, woluka tsitsi m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi shopu ya mafoni. Anamulowetsa m'masewerawa ndi kasitomala wake, dokotala wa mano, yemwe tsiku lina anamukokera kubwalo la gofu. Kampira koyamba anakaphonya. Kachiwiri kanauluka mpaka dokotalayo anagwira pakamwa.

"Asisi, manja amenewa mukungowathera m'mitu ya anthu," anatero dokotalayo.

Kuyambira pamenepo, makasitomala akachepa, ankagoneka kapu pansi pa mpando wochapira tsitsi n'kumagubuduziramo kampira ndi ndodo yobwereka.

Dokotala yemweyo anamufotokozera za mndandanda wa dziko lonse wa osewera gofu osalipidwa. Munthu salowamo chifukwa chotchuka kubwalo la kwawo. Ayenera kusewera m'mipikisano yovomerezeka, ndipo mapointi amachuluka akaposa akatswiri anzake. Akasiya kusewera, zotsatira zakale zimanka zifufutika.

Anayesa kangapo osaphula kanthu. Kenako pampikisano wina kunagwa mvula, ena ali kalikiliki kudandaula za matope, iye n'kumaliza wachitatu. Posakhalitsa dzina lake linatuluka pamndandanda uja, kumunsi kwenikweni.

Amuna ake, oyendetsa ambulansi, anayang'ana pafoni n'kuseka. "Chinamtindi chonsechi chili pamwamba panu, inu n'kumavina?"

"Bambo, taonani mayiko awo. Ndili pamzere umodzi ndi anthu oti saluni yanga sanaimvepo."

Chaka chotsatira apongozi ake aakazi anachita sitiroko. Ndodo zake za gofu zinakabisala kuseri kwa wadilopu. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, nambala yake pamndandanda uja ikutsetsereka mpaka dzina linasowa. Pakamwa sanadandaule, koma msewu wodutsa kubwalo ankaulambalala.

Apongoziwo atayamba kudzuka okha, mawu akutulukabe movutikira, anamuitana m'mawa wina.

"Mwana wanga, nkhope yanuyi ndatopa nayo. Pitani mukamenye timipira tanu tija."

Anaseka, misozi ili chuchuchu.

Pampikisano wotsatira amuna ake anasinthana shifiti ndi mnzawo, chikwama cha ndodo n'kunyamula okha bwalo lonse. Mayi Gofu anamaliza ali pakatikati pa opikisana nawo, msana ukuwawa, zala zitatupa. Pobwerera m'galimoto ankangoganiza za timipira timene tinalambalala dzenje. Bambowo anatsokomola.

"Mpikisano winawo uliko liti? Ndikufuna ndipemphe tchuthi anzanga asananditsogolere."