Moni wa M'galaja

Mkulu wina wakwathu, woyandikana nafe kuno kunja, mumzinda wa South Bend, amadzikonzera okha zipolopolo zosakira agwape. M'galaja mwawo muli makina opanira, kasikelo kopimira onga ndi magalasi oteteza maso. Ongoyamba kumene ntchitoyi akafunsa zoti agule, iwo amati, "Zonsezi, koma muyambe ndi loko wapachitseko."

Loweruka lina anaiwala kukhoma. Ndinawapeza akuthira onga m'makoko a zipolopolo, ndipo ndinawalonjera. Anasiya ntchito n'kufunsa za ana, za amayi ku Dedza, ngakhalenso za chifuwa changa. Kenako anakhuthula makoko onse.

"Bwanji, bambo?"

"Ndasokonezeka. Ndikathira kawiri m'khoko limodzi, mfuti ingandiphulikire."

"Mukanangokhala chete."

"Onga ndipimanso," anatero. "Koma munthu wandipatsa moni, ndingamusiye ali chiimire?"